Timabowo titatu pamimba, opaleshoni yonse mkati

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 37, ana awiri, onse ndinabereka pa opaleshoni. Sikani yaonetsa chotupa cha masentimita 7 pa thumba la mazira la kumanzere. Dokotala wa pachipatala china cholipira ku Blantyre akuti achichotsa podzera pa timabowo, ndi kamera, osang'amba mimba. Bambo akunyumba akuti ndingovomera, imeneyi si opaleshoni yeniyeni. Azakhali anga akukaniza. Akuti munthu angachotse bwanji chinthu osatsegula kuti aone, komanso mayi wina wa kumpingo kwawo anachitidwa yomweyi, anatuluka tsiku lomwelo akuseka, patatha sabata anamwalira. Ndimvere ndani? Mayi wa ku Zomba.

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi nkhawayo. Ndikhumudwitsa onse awiri. Bambo akunyumba akulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwawoko n'kumene kumandiopsa kwambiri. Azakhali akusimba chinthu chimene chimachitikadi, kungoti phunziro limene atolapo ndi lina. Nkhani yotuluka akuseka n'kudzamwalira patatha sabata, dokotala aliyense wa ntchitoyi akaimva amangopukusa mutu, chifukwa amadziwa njira imene nkhani zotere zimadzera. Nthawi zambiri panjirapo pamakhala masiku awiri kapena atatu amene munthu akanapulumutsidwa.

Opaleshoniyi dzina lake ndi laparoscopy. Sadzakubayani jakisoni wa pamsana ngati uja wa pobereka. Amakugonetsani kotheratu, ndi chubu chopumira pakhosi. Kenako amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba, malita angapo, mpaka khoma la mimba litadzuka ngati tenti, kuti pakati pa khomalo ndi matumbo papezeke malo ogwirira ntchito. Pamchombo amalowetsa kachubu kolimba kotchedwa trocar, kotambalala sentimita imodzi, ndipo kamera imadzera mmenemo. M'munsi mwa mimba amaboola timabowo tina tiwiri kapena titatu, ta theka la sentimita, modzera sizasi, zopanira ndi chida chowotchera timitsempha kuti magazi asatuluke. Bedi amalipendeketsa, mutu pansi, kuti matumbo atsetserekere chakuchifuwa n'kusiya chiberekero ndi mathumba a mazira poyera. Dokotala maso ake sali pamimba panu, ali pa sikirini. Kwa azakhali, auzeni kuti amaona, ndipo amaona bwino kuposa potsegula, chifukwa kamera imakuza chilichonse, ndi kamtsempha konga ulusi komwe. Zimene amataya ndi ziwiri. Zala zake sizikhudza chimene akudula. Ndipo pa masekondi oyambirira, chida choyamba chikamaboola, amakhala asanaone kanthu.

Si zoyeserera za dzulodzulo. Hans Christian Jacobaeus anasuzumira m'mimba mwa anthu ku Stockholm mu 1910, Raoul Palmer wa ku Paris anaizika njirayi pa matenda a amayi m'ma 1940, ndipo Harry Reich anachotsa nayo chiberekero ku Pennsylvania mu 1988. Kurt Semm wa ku Kiel, dokotala wa amayi, atachotsa kathumbo kotchedwa appendix mwanjirayi mu 1980, anzake a maopaleshoni anamuda nazo, ena mpaka kufuna kuti aletsedwe ntchito. Lero akuchita zomwezo tsiku ndi tsiku. Ubwino wake ndi wosatsutsika: ululu wochepa, mabala samachita mafinya kawirikawiri, kugona m'chipatala usiku umodzi kapena osagona n'komwe, kubwerera ku ntchito pakatha sabata imodzi kapena ziwiri m'malo mwa mwezi ndi theka.

Tsono kuopsa kwake n'kotani? Bungwe la madokotala a amayi ku Britain, la Royal College of Obstetricians and Gynaecologists, limauza amayi kuti pa laparoscopy yongofufuza matenda, amayi pafupifupi 2 mwa 1,000 alionse amapeza vuto lalikulu, monga kuvulala matumbo, chikhodzodzo kapena mtsempha waukulu wa magazi, ndipo omwalira amakhala pakati pa 3 ndi 8 mwa 100,000. Ndi ziwerengero zazing'ono, koma muzimve bwino. Ndi za opaleshoni yongosuzumira. Pochotsa chotupa zimakwera, pochotsa chiberekero zimakwera kwambiri. Komanso zinawerengedwa kumalo kumene magazi ali m'furiji, ICU ili pafupi, ndipo mayi akadwala usiku ambulansi imabwera. Kuno kwathu vuto lomwelo likachitika, chimene chimasiyana ndi liwiro lolipezera ndi kulikonza.

Ndichedwe pang'ono pa kulowa, chifukwa ngozi zazikulu pafupifupi theka zimachitikira pamenepa, chotupa chisanakhudzidwe n'komwe. Mchombo tinausankha chifukwa ndi pamene khoma la mimba lili lopyapyala. Koma kuseri kwake kuli matumbo, ndipo kuseri kwa matumbo, motsamira msana, kuli mitsempha iwiri ikuluikulu ya thupi lonse. Mwa mayi wochepa thupi, kuchoka pakhungu kufika pa mitsemphayo ndi masentimita awiri kapena atatu basi. Anthu amaganiza kuti onenepa okha ndi amene ali pa ngozi. Pa kulowa, wowonda ndi amene amatitulutsa thukuta.

Njira zolowera zilipo zingapo. Yofala ndi ya singano ya Veress, imene inapangidwa ndi dokotala wa ku Hungary m'ma 1930. Ili ndi kasipuling'i mkati: nsonga yakuthwa ikangoboola khoma, kamutu kobuntha kamatumphira patsogolo kuti kateteze matumbo. Dzanja lozolowera limamva kuti "thi, thi" kawiri, n'kudziwa kuti lafika. Njira ina ndi ya Harrith Hasson wa ku Chicago, ya mu 1971: amacheka kabala pamchombo, kutsika pang'onopang'ono akuona ndi maso, n'kulowetsa chubu chopanda nsonga. Madokotala akhala akukangana kuti yabwino ndi iti, ndipo kafukufuku sanaonetse yopambana inzake kotheratu. Ine ndimati yabwino ndi imene dokotalayo anaizolowera, bola akhale wodziwa nthawi yoisiya.

Inu ndinu mmodzi wa anthu amene dokotala ayenera kuyamba waima n'kuganiza. Mimba imene inatsegulidwapo imapola ndi zipsera za mkati, zonga ukonde wa kangaude koma zolimba, zimene zimamatirira thumbo kapena mafuta a m'mimba ku khoma. Thumbo lomasuka limathawa singano, lomatirira silithawa. Taonani chipsera chanu lero lino. Ngati n'chopingasa, m'munsi mwenimweni, mwayi woti pansi pa mchombo pali zomatirira ungafike pa mayi mmodzi mwa anayi. Ngati n'choimirira, chochoka pamchombo kutsika, chimene m'zipatala zathu za m'maboma sichisowa, ungafike pa theka. Zikatero dokotala wanzeru salowera pamchombo. Amalowera kumanzere, masentimita atatu pansi pa nthiti, malo otchedwa ndi dzina la Palmer uja, kumene zomatirira sizifika kawirikawiri. Akalowa amatembenuza kamera kuyang'ana mchombo chamkati, ndiye n'kusankha poboola pena. Musaiwale kumuuza ngati munadwalapo TB ya m'mimba, matenda a m'chiuno otulutsa mafinya, kapena appendix yophulika, chifukwa zonsezi zimamata matumbo chimodzimodzi. Enanu mumabisa matenda opatsirana pogonana amene munachira kalekale, poopa manyazi. Dokotala sakufuna kudziwa kuti munawatenga kwa ndani, akufuna kudziwa poika singano.

Thumbo likabooledwa dokotala n'kuona pompo, nkhani yake siikula. Amalisoka, mwina ndi kamera yomweyo, mwina potsegula mimba, mumagona masiku angapo, mumapita kwanu. Choopsa ndi bala losaoneka. Bungwe la ku Britain lija limati mwa matumbo 100 ovulala, mpaka 15 sadziwika pa tsiku la opaleshoni. Ena singano inadutsa n'kutuluka, kabowo n'kubisika kuseri. Ena ndi opsa. Chida chowotchera timitsempha chimayendera magetsi, ndipo kutentha kwake kumafalikira pang'ono kupitirira pamene chakhudza; nthawi zina chikopa cha chidacho chimakhala chitang'ambika pamalo amene kamera sikuona, moto n'kuthawira pa thumbo. Ganizirani chubu cha njinga chimene chakhudza mbaula pang'ono. Sichiphulika pompo. Mumapopa, mumakwera, mumafika kumsika. Malo opsawo akufooka mwakachetechete, chidzaphulikira panjira tsiku lina. Thumbo lopsa limatero: limayera pang'ono, limafa, n'kudzabooka patapita masiku anayi, asanu, ngakhale khumi, mayi ali kunyumba, aliyense atayamika kale kuti zinayenda bwino.

Zaka zingapo zapitazo ndinalandira mayi wina, mphunzitsi, tsiku lachisanu chichitidwire laparoscopy pachipatala china. Tsiku lachitatu anayamba kutentha thupi ndi kusanza. Mwamuna wake anamutengera pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Kutentha thupi ndi kusanza, kuno kwathu, mukudziwa dzina lake. Anabwerako ndi LA ndi Panado. Nditamufunsa ngati anawauza a pachipatalapo za opaleshoni, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Adokotala, inali ya timabowo chabe, ndiye ndimaona ngati sizikugwirizana." Timapulasitala titatu tinali tobisika pansi pa chitenje, ndipo palibe anamuvula. Pofika kwa ife anali atagona chagada osafuna kugwedezeka, milomo youma, mtima ukugunda ka 130 pa mphindi, mimba ili gwa ngati thabwa. Titatsegula tinapeza kabowo konga njere ya nyemba pa thumbo laling'ono, m'mphepete mwake motuwa, ndi zonyansa zitadzaza m'mimba. Anapulumuka, koma anagona nafe milungu itatu, ndipo anatuluka ndi chipsera chachitali kuposa chimene ankathawa. Mlandu sindiuika pa dokotala woyamba chifukwa cha kabowoko. Dzanja lililonse logwira ntchitoyi tsiku lina limavulaza. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti mayiyo anatulutsidwa osauzidwa choti aziyang'anira.

Ndiye mverani ichi, ndipo bambo akunyumba awerenge nawo. Mukachitidwa laparoscopy, tsiku lililonse liyenera kuposa dzulo lake. Lero mukuyenda chowerama, mawa mwawongoka pang'ono, mkuja mwadya phala lonse, mwatulutsa mpweya, mwapita kuchimbudzi. Mzerewo ukangokhota, kuti dzulo munali bwino koma lero ululu wakula, mimba ikufufuma, mukusanza, chakudya chakukanani, thupi latentha kapena mukunjenjemera, mtima ukuthamanga muli chigonere, mukuchita chizungulire mukaimirira, musadikire kuti kuche. Musayambe ndi kugula mankhwala a malungo kugolosale, ngakhale kumwa a m'mabotolo otsuka m'mimba. Bwererani kumene munachitidwa, kapena ku chipatala chachikulu chokhala ndi fiyeta, ndipo mawu anu oyamba pakhomo akhale akuti, "Ndinachitidwa opaleshoni ya m'mimba tsiku lakuti." Vulani muwaonetse timabalato. Ngakhale kuyeza kutaonetsa malungo, munthu amatha kukhala ndi malungo komanso thumbo lobooka nthawi imodzi. Dziwaninso kuti pa laparoscopy zizindikiro zimatha kuyamba mozizira: kutsegula m'mimba pang'ono, ululu pa kabala kamodzi kokha, kufooka kosadziwika bwino. Mayi amene akuti "sindikupeza bwino basi" tsiku lachinayi, ine ndimamugoneka kaye.

Pali zowawa zina zimene zimaopsa anthu chabe. Phewa, makamaka lamanja, limawawa tsiku loyamba ndi lachiwiri, ena mpaka kuganiza kuti anagwetsedwa pabedi ali mtulo. Ndi mpweya wotsalira umene ukunyanyula mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo mtsempha wa mnofuwo umachokera m'khosi, kufupi ndi ya paphewa, ndiye ubongo umasokoneza adiresi. Zimatha zokha, kuyendayenda kumathandiza. Kukhosi kokanda chifukwa cha chubu, mimba yofufuma pang'ono, timagazi tochepa kumaliseche, kubiriwira mozungulira kabala, zonsezi n'zapanjira.

Chiwalo chachiwiri chimene timachiopa ndi njira ya mkodzo. Chikhodzodzo chimakhala kutsogolo kwa chiberekero, ndipo mwa mayi wobereka pa opaleshoni kawiri chimatha kukokedwa m'mwamba ndi zipsera, n'kupezeka pamene dokotala akufuna kuboola kabowo ka m'munsi. N'chifukwa chake amayamba akuikani kachubu kotulutsa mkodzo. Chikabooka n'kuonedwa, amasoka, mumakhala ndi kachubuko sabata imodzi kapena ziwiri, chimapola bwinobwino. Kovuta ndi kapaipi kotchedwa ureter, kotsitsa mkodzo kuchoka ku impso, kamodzi mbali iliyonse. Kamadutsa kuseri kwenikweni kwa thumba la mazira, n'kudzapita pansi pa mtsempha wa chiberekero, masentimita osakwana awiri kuchoka pa khomo la chiberekero. Chotupa chomatirira ku khoma la chiuno, makamaka cha matenda a endometriosis, amene minofu yonga ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake, chimatha kukakoka kapena kukakwirira. Kakapsa kapena kumangidwa, nakonso sikalira tsiku lomwelo. Patapita masiku mayi amamva kupweteka m'nthiti chakumsana mbali imodzi, kutentha thupi, mkodzo kuchepa, kapena, kwa amene achotsedwa chiberekero, madzi ongotuluka kumaliseche osaleka. Ameneyo ndi mkodzo, ndipo ndi fisitula, yofanana ndi ija ya uchembere wovuta. Imakonzeka. Musakhale nayo m'nyumba miyezi mukuchapa nsalu mobisa, chifukwa impso yotsekeredwa imafa osapweteka kwambiri.

Zina ndingodutsamo. Kabowo ka m'mbali kangathe kubaya mtsempha wa m'khoma la mimba, magazi n'kuundana pansi pa khungu. Mpweya wopopedwa ndi kupendekeka kwa bedi zimapanikiza mapapo ndi mtima, choncho wa BP, wa mtima, wa mphumu, wa shuga ndi wonenepa kwambiri ayenera kuonana ndi wogonetsa tsiku lisanafike, ndipo mankhwala onse amene mukumwa, ma ARV ndi azitsamba omwe, muwatchule. Pa kabowo ka pamchombo, ngati sikanasokedwe bwino mkati, pamatha kudzatuluka kachotupa ka thumbo pakapita nthawi, koma sizifika mayi mmodzi mwa 100. Magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo n'kuthamangira ku mapapo, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kudzuka n'kuyenda tsiku lomwelo. Mwendo umodzi ukatupa, kapena mukayamba kubanika ndi kubaya m'chifuwa, thamangani. Izi ndikunenanso kwa amene amakachitidwira ku India kapena ku Johannesburg n'kukwera ndege kapena basi ya maola ambiri patangopita masiku atatu pofuna kupulumutsa ndalama ya malo ogona. Mumakhala mwaunjika ngozi ziwiri: kukhala chopinda miyendo, ndi kutalikirana ndi dokotala wanu pa masiku enieni amene thumbo lopsa limabooka.

Tibwere pa chotupa chanucho, chifukwa funso loyamba si lakuti achotse bwanji, koma lakuti n'chotupa chanji. Zotupa za madzi okhaokha zosakwana masentimita 5, mwa mayi amene akusambabe, zambiri zimaphwa zokha pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Chanu chapitirira pang'ono msinkhu umenewo. Ngati sikani inachitika kamodzi kokha, chotupacho n'chamadzi oyera, ndipo sichikukupwetekani, si kulakwa kupempha kuti mujambulidwenso pakapita milungu ingapo musanagone pabedi la opaleshoni. Koma ngati chakhalitsa, chikukula, chikupweteka, kapena mkati mwake muli zolimba, kuchotsa n'koyenera. Chotupa cha msinkhu umenewu chimathanso kupotokola thumba la mazira, magazi n'kuleka kufikako. Chizindikiro chake ndi ululu wadzidzidzi wa mbali imodzi, ndi kusanza, ndipo zikatero ndi nkhani ya maola, osati ya mawa.

Chotupa cha masentimita 7 sichingatuluke pa bowo la sentimita imodzi chili chathunthu. Dokotala amachisenda kuchichotsa pa thumba la mazira, kuchiika m'kathumba ka pulasitiki mkati momwemo, kukokera kukamwa kwa kathumbako kunja, n'kuchiphwetsera mmenemo. Nthawi zina chimaphulika posenda. Ngati ndi madzi wamba, palibe kanthu, amatsuka. Ngati ndi chija chotchedwa dermoid, chokhala ndi mafuta ndi tsitsi, nthawi zina ndi dzino lomwe (si ufiti, mayi, ndi maselo a dzira osokonekera), ayenera kutsuka kwambiri chifukwa mafutawo amanyanyula m'mimba. Ngati ndi khansa, kuphulikako kumamwaza matenda. Pa zaka zanu khansa ya thumba la mazira si yofala, koma dokotala ayenera kukuuzani chimene waona pa sikani chomupangitsa kukhulupirira kuti si khansa. Kuyeza magazi kotchedwa CA-125 kumathandiza pang'ono, ngakhale kuti mwa mayi amene akusambabe kumakwera ndi zinthu zambiri zosaopsa. Pakakhala chikayiko chenicheni, ine ndimasankha kutsegula n'kuchitulutsa chathunthu. Mugwirizanenso musanagone: achotsa chotupa chokha kapena thumba lonse, ndipo akapeza zosayembekezeka achite chiyani. Chochotsedwacho chipite ku labotale, ndipo zotsatira zake mukazitenge ndithu, ngakhale mutachira bwanji.

Nkhani ya kumwaza matendayi inagwedeza dziko la America, ndipo ndiitchule chifukwa cha owerenga amene ali ndi zotupa za m'chiberekero, ma fibroid. Zotupa zimenezi n'zolimba ngati mbatata yaiwisi, ndiye pofuna kuzitulutsa pa kabowo ankagwiritsa ntchito makina ozungulira ozidula m'tizidutswa. Mu 2013 dokotala wina wogonetsa odwala, Amy Reed, anachotsedwa chiberekero mwanjirayi ku Boston. Chimene ankati ndi fibroid chinali khansa, ndipo makinawo anaimwaza m'mimba monse. Iye ndi mwamuna wake anamenya nkhondo yoti makinawo aletsedwe, ndipo mu 2014 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zida za chipatala ku America, linachenjeza kuti mayi mmodzi mwa 350 ochitidwa opaleshoni ya ma fibroid angakhale ndi khansa yobisika yotere. Madokotala ena amati chiwerengerocho n'chokokomeza, koma kachitidwe kanasintha: tsopano bungwelo limati kudulako kuzichitikira m'kathumba, ndipo kusachitike kwa amayi opitirira zaka 50 kapena amene anasiya kusamba. Amy Reed anamwalira mu 2017.

China, chimene chimatikhudza kwambiri ife a ku Malawi kumene khansa ya khomo la chiberekero ili pakati pa zochuluka kwambiri padziko lonse, chinatuluka mu 2018. Kafukufuku wotchedwa LACC, wotsogoleredwa ndi Pedro Ramirez wa ku Houston, anayerekeza amayi 631 a khansa yongoyamba kumene, ena ochotsedwa chiberekero podzera pa timabowo, ena potsegula mimba. Aliyense ankayembekeza kuti zifanana. Patapita zaka zinayi ndi theka, mwa otsegulidwa mimba oposa 96 pa 100 anali opanda khansa, pamene mwa a timabowo anali 86. Kuyambira pamenepo, pa khansa imeneyi, kutsegula ndiye njira yovomerezeka. Ndiye amene angakuuzeni kuti kamera imaposa mpeni pa chilichonse, mukayikireni. Ngakhale pochotsa chiberekero chopanda khansa, ngati chingathe kutulukira kumaliseche popanda bala lililonse pamimba, imeneyo ndi imene mabungwe a madokotala amaiika patsogolo. Pa mimba yokhala m'chubu cha mazira, kunja kwa chiberekero, laparoscopy ndi yabwino, koma mayi akafika atakomoka, magazi atadzaza m'mimba, yabwino ndi imene itseke mtsemphawo msanga ndi zida zimene zilipo usiku umenewo.

Pa fomu imene mudzasaine padzakhala mawu oti dokotala angathe kusiya kamera n'kutsegula mimba. Musawaope mawu amenewo. Opani dokotala amene angalonjeze kuti sizingachitike. Zomatirira zikachuluka, magazi akakana kuleka, chida chikafa, magetsi akazima jenereta n'kuchedwa, sikirini n'kuda bii zida zili mkati, kutsegula ndiko kusamala. Ngozi zoipa kwambiri zimene ndaziona zinachitika m'manja mwa munthu amene anaumirira kumaliza ndi kamera chifukwa anali atalonjeza, kapena chifukwa wodwala anali atalipira mtengo wa kamera. Mukadzuka n'kupeza bandeji yaitali, yambani mwafunsa chifukwa musanakwiye. Za mtengozo funsiranitu: zikasintha pakati, bilu isintha bwanji?

Safunsa anadya phula, ndiye pobwerera kwa dokotalayo mupite ndi mafunso, ndipo musachite naye manyazi ngakhale atavala bwanji. Maopaleshoni otere amachita angati pamwezi? Pa njirayi luso la manja limabwera ndi kubwereza, ndipo wochita kamodzi pa miyezi itatu si wofanana ndi wochita sabata iliyonse. Poona chipsera chanu, alowera pati? Akangoti "pamchombo, monga mwa nthawi zonse" osakuvulani n'komwe, chenjerani. Thumbo litavulala, alipo pachipatalapo wolisoka? Magazi alipo? Wodwala akafuna ICU amapita kuti? Nanga usiku wa Loweruka mutayamba kusanza, muimbire nambala iti, ndipo ayankhe ndani? Dokotala wabwino mafunso amenewa amamusangalatsa. Amene angakwiye nawo wakuyankhani kale.

Mukanakhala mchemwali wanga, chotupacho chitatsimikizika kuti n'chofunika kuchotsa ndipo chikuoneka chosaopsa, dokotalayo atayankha bwino, ndikanati vomerani. Kwa mayi wa zipsera ziwiri, kupewa bala lachitatu lalikulu ndi phindu lenileni, ndipo kutsegula mimba nakonso kuli ndi ngozi zake zonsezi, kuphatikizapo mafinya ndi kuchedwa kupola. Koma ndikanaika malamulo. Mugone usiku umodzi m'chipatala ngakhale atakuuzani kuti mukhoza kupita. Musatuluke musanakodze bwinobwino, musanadye, musanayende nokha. M'buku lanu la kuchipatala alembemo chimene achita ndi tsiku lake, momveka, kuti wa pachipatala china chilichonse awerenge. Zomba ndi Blantyre ndi ulendo wa ola limodzi ndi kanthu masana, koma usiku wopanda galimoto ndi kutali. Ngati muli ndi m'bale ku Blantyre, khalani kwa iye sabata yoyamba, apo ayi ndalama ya galimoto ikhale padera, yosakhudzidwa, mpaka masiku khumi atakwana.

Bambo akunyumba adziwe kuti mkatimo mwadulidwa ndi kuwotchedwa ngati mmene zikanakhalira potsegula. Kwa milungu iwiri, ndowa ya madzi, mtolo wa nkhuni, kuchapa mabulangete ndi kubereka mwana kumsana si zanu. Za m'banja adikire mpaka dokotala atalola; kwa ochotsedwa chiberekero kudikirako n'kwa miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa msoko wa mkati umatha kumasuka.

Azakhali musakangane nawo. Apempheni akhale gadiyani wanu, popeza iwo sadzakhulupirira kuti mwachira mpaka ataona mwamaliza nsima. Muwalembere papepala tsiku la opaleshoni, nambala ya dokotala ndi zizindikiro zija, ndipo muwaonetse pogwira pamkono kuti aziwerenga kugunda kwa mtima wanu m'mawa ndi madzulo. Kukapitirira 100 pa mphindi muli chigonere, asakufunseni maganizo, aitane galimoto.